Mpira Womaliza wa ku Brackwell

Dzino loyamba linagwera mumtsinje mpira usanachoke n'komwe pansi pa mlatho. Silinali la Neville Hembry, choncho analiponda n'kupitirira.

Ku Brackwell kuli tsiku limodzi pachaka limene anthu olemekezeka amaiwala kuti anabatizidwa: Lachiwiri loti mawa lake Lenti iyamba. Eni masitolo amakhomera matabwa m'mawindo, abusa amaponya mpira wachikopa ali pamlatho, basi mudzi wonse n'kugwirana pakhosi. Obadwira tsidya la kumtunda amalimbira kukaugunditsa pamwala wa pachipata cha tchalitchi. Obadwira tsidya la kudambo ali ndi mwala wawo kuchigayo chakale. Malamulo ndi awiri okha: usaphe munthu, ndipo chigoli n'cha mbali imene wogoletsayo anabadwira. Zina zonse udziwonere wekha.

Chaka chino kanyuzipepala ka m'mudzimo kanali katalengeza kuti khonsolo yatopa ndi nthiti zothyoka. Masewerawa anali omaliza, ndipo opambana adzasunga mpirawo mpaka muyaya.

Neville, wogulitsa nyama, anali Wakumtunda mpaka m'mafupa. Akudambo ankawatchula kuti achule, ndipo akabwera kudzagula nyama ankawadulira yamitsempha yokhayokha. Bambo ake anamwalira akutsimphina, bondo litaphwanyidwa mumtsinje womwewu. N'chifukwa chake sankadabwa mayi ake, a Maureen, akamamugwira dzanja chaka ndi chaka.

"Kankha mmene ungathere, mwana wanga, koma mpira usanyamule. Wonyamula ndi amene amamuthyola."

Zaka zonsezi ankawamvera, akumeza malovu anzake akugoletsa. Koma m'mawa uwu anawayankha kuti mantha awowo akawasiye kutchalitchi.

Madzi anali ozizira moti miyendo inachita dzanzi. Chigulu cha amuna chinapanikizana pakati pa mtsinje, nthunzi ikufuka pamisana. Wina anakuwa kuti mwendo wake, koma panalibe womumvera. Neville anagunda dokotala wa ziweto ndi chigongono pakamwa, anaponda pamsana pa wonyamula makalata, mpaka anauona mpira uja. Unali m'khwapa mwa Dunstan Pook, woweta nkhosa wa kudambo, amene ankaswana naye chiyambire kusukulu.

"Bweretsa kuno, chule iwe!"

"Dzatenge, ngati chimimbacho chikulola!" anatero Dunstan, n'kumulavulira matope kumaso.

Neville anamuphulitsa mutu pamphuno, magazi chuchuchu. Dunstan anabwezera chibakera chapakhutu, dziko lonse linazungulira. Anagwera limodzi m'madzi. Neville anamukanikizira mutu pansi mpaka thovu linayamba kuchepa, koma munthuyo mpira osautaya. Pamenepo anagwira dzanja lofumbata mpiralo n'kulipinda kumbuyo, mmene amachitira ndi mwendo wa nkhosa pathebulo lake. Fupa linamveka kuthyoka. Chisoni sanamve ngakhale pang'ono. Anamva kukoma, kukoma kwenikweni.

Anatuluka m'madzi mpira uli pachifuwa, nsapato imodzi itatsala m'matope. Akumtunda anamuzinga, akugwetsa aliyense wofuna kumuyandikira. Mayi wina wa kudambo, yemwe Lamulungu amaimba kwaya mofatsa zedi, anamuthyolera ambulera m'mutu. Neville sanacheuke. Anakwera kamtunda kopita kutchalitchi akupuma ngati ng'ombe yapangolo, anafika pachipata, n'kugunditsa mpira pamwala katatu.

Mabelu analira. Amuna amphuno zophwanyika anakumbatirana, ena akuvina ndi mwendo umodzi. Neville anayang'ana kumanda, kuseri kwa mpanda, kumene anagona bambo ake, ndipo chimunthu chonsecho chinalira misozi osachita manyazi.

Kenaka anafika a Oldacre, nkhalamba yolemba kanyuzipepala kaja, Baibulo la tchalitchi lili m'manja. Pa mwambo wa ku Brackwell, chigoli sichilembedwa mpaka mayi wa wogoletsa atasanjika dzanja pabukulo n'kunena komwe anamuberekera. N'zongokwaniritsa mwambo, sizitenga nthawi kuposa kuyetsemula. Ogonja nawonso amayenera kumva ndi makutu awo, choncho amene ananyamula Dunstan pamachira anaima pachipata pomwepo.

Anthu anawapatsa njira a Maureen. Ankayenda pang'onopang'ono, chipewa chapatchalitchi chili kumutu, milomo ili gwa.

"Fulumirani amayi, mowa ukutidikira!" anafuula Neville akupukuta magazi pachibwano. Gulu lonse linaseka.

"Mayi Hembry," anatero a Oldacre, "pamaso pa Mulungu ndi pa mudzi uno, mwana wanuyu anabadwira kuti?"

A Maureen anasanjika dzanja pabukulo. Anatha kubisira anthu zinthu kwa zaka makumi anayi, koma kunama atagwira Baibulo anali asanayambe, ndipo sakanayambira kuukalamba.

"Ndinkakuuza kuti usanyamule," ananong'ona, osamuyang'ana. Kenaka anakweza mawu. "Kudambo. Amuna anga anali kunyanja chaka chimenecho. Ndinakaberekera kwa bambo ake enieni, a Pook akuluakulu, n'kuwoloka naye ali mudengu."

A Oldacre anachotsa mpira m'manja mwa Neville n'kukauika pachifuwa pa Dunstan. M'bale wakeyo analibe dzanja loulandirira.