Makina Osataya Kanthu

Felesita, katswiri wa makompyuta pa mgodi wina ku Gaika, anauzidwa kuti asankhe pakati pa makina awiri osungira zithunzi za makamera. Ena anali aliwiro. Enawo anali ochedwa, koma wogulitsa analumbira kuti sataya kanthu.

Kutada, anabwerera kuchipinda chomwe ankawayesera kuti akawazimitse. Kale m'chipindamo ndi mmene otuluka pansi ankabwezera nyali zawo.

Aliwirowo ankaonetsa khomo la mgodi lili zii. Ochedwawo ankaonetsa munthu akutuluka pakhomo lomwelo, nyali ikuyaka pachipewa. Anali bambo ake, a Elifas, omwe mgodi unawakwirira iye ali kusekondale.

"Maiwe!" Anazula chingwe cha magetsi, koma chithunzicho sichinazime.

Kunsi kwa chitseko kunawala.

"Mwanangu," anatero mawu panja, "nyaliyi ndibweze kwa yani?"