Gasi wosatha wa mayi Vainess

"Chaka chonse kamakina ka gasika kakutenthetsa madzi bwinobwino, lero kakana," anadandaula mayi Vainess, eni malo ogona m'mahema ku Chikale. Mlendo wawo anali kunjenjemera m'bafa, thovu thupi lonse.

Patson, wokonza mapaipi, anagwada n'kuyang'ana silinda ya gasi.

"Mayi, silindayi sinatsegulidwepo. Pulasitiki ya kusitolo ikadali pakamwa."

"Nanga madzi amatentha bwanji?"

Patson analoza paipi yakuda yodutsa pamchenga, kenako analoza kumwamba. Kunali mitambo.

"Linali dzuwa, mayi. Nditsegule gasiyu?"

Mayi Vainess anamugwira dzanja.

"Ayi, angathe. Mpingo wonse ndinauuza kale kuti gasi wanga satha. Uzani mlendoyo adikire, kumayera masana."