Zikoti za Sabata Yoyera

Chitseko cha galaja chitatseguka, Rodelio anali ataluma singano, m'manja muli chikoti chofiira chimene ankachipaka mafuta. Pakhomo panaima azakhali ake a Purisima, eni nyumbayo, kolona ili m'khosi, atanyamula mbale ya nthochi zokazinga. Rodelio, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, anangoti kakasi.

Azakhaliwo ankadziwa kuti mwana wa mchimwene wawoyu akaweruka kuntchito amasoka malamba, tizikwama ndi makolala a agalu, n'kumakagulitsa pamsika wa Loweruka. Zimenezo zinali zoona ndithu. Koma katundu amene ankayenda malonda pa intaneti anali wina: zikoti za chikopa chofewa, zomangira manja, zophimba m'maso, zonse zoseweretsa anthu akuluakulu akadzitsekera kuchipinda. Masiku onse zinkagona m'katoni ya nsapato zakale. Koma tsoka silinunkha. Tsikuli anali ataziyanika pachingwe kuti utoto uume, poganiza kuti azakhali aswera kutchalitchi.

Ndipotu a Purisima sanali munthu womuseweretsa. Ndi omwewa amene anathamangitsa mtsikana wa lendi chifukwa choyanika zovala zamkati poonekera kumsewu. Rodelio anadziona kale ali panja ndi makina ake osokera, kwinaku amayi ake akulira pafoni kuchokera kwawo ku Tarlac.

"Delio, n'chiyani chimenechi?"

Kunja zokuzira mawu za pachapelo zinkaimba masautso a Ambuye, monga zimachitira Sabata Yoyera iliyonse m'tauni ya San Fernando muno, pamene amuna olapa machimo amayenda m'misewu akudzikwapula misana. Bodza linangofika lokha pakamwa.

"N'za olapa, azakhali. Lachisanu likubwerali."

A Purisima anaika mbale pansi. Anatenga chikoticho, anachiyesa kulemera kwake, kenako anadzimenya nacho pachikhatho.

"Chofewa chonchi? Magazi angatuluke ndi chimenechi?"

"Ambuye amayang'ana mtima, azakhali, osati msana."

Azakhali anagwedeza mutu movomereza. Anasuntha pang'ono n'kuyanula zomangira manja.

"Nanga izi?"

"N'za sewero la Njira ya Mtanda. Zija asilikali achiroma amagwirira Yesu."

"Aroma ankaika ubweya wapinki mkati?"

"Amene akusewera Yesu chaka chino ali ndi khungu lovuta."

Chophimba m'maso sichinamuvute, pakuti olapa amabisadi nkhope zawo kuti anansi asayambe kufunsa kuti mkulu uyu anachimwanji. Chimene chinamutulutsa thukuta ndi kolala yakuda yokhala ndi mphete yachitsulo kutsogolo. Azakhali anaitembenuza uku ndi uku, anayesa kachitsulo kake komangira kangapo, anayang'anitsitsa masokedwe ngati akugula nsomba.

"Iyi yokha ndi ya galu, azakhali."

"Galu wakhosi lalikulu chonchi?"

"Ndi agalu akunja aja."

Mayiyo anachita chizindikiro cha mtanda, maso ali lendelende ndi misozi. Ananena kuti sankadziwa kuti m'nyumba mwawo mukukhala mwana waluso chotere, ndipo kuti mchimwene wawo malemu akanakhala moyo akananyada. Rodelio anawerama modzichepetsa, koma mumtima ankavina. Galaja yapulumuka, chipinda chapulumuka, ndipo gogoyu wameza bodza lonse ndi minga yomwe. Anafika podzitengera nthochi imodzi m'mbale muja n'kuyamba kutafuna ngati munthu wopanda mlandu.

"Undikulungire chikotichi, zomangira manjazi ndi kolalayi," anatero azakhali.

Rodelio anasiya kutafuna. Anadziwa kumene zikupita. Mawa lomwe zikakhala patebulo la bambo mfumu, amayi onse a gulu la kolona atazungulira, akuthira madzi odalitsa pa ubweya wapinki, dzina lake likulengezedwa pa Misa. Ndipo pakati pa amayiwo sipangalephere kupezeka mmodzi wodziwa zinthu.

"Sizinaume bwino, azakhali. Komanso eni ake anazidalitsitsa kale, musavutike kupita nazo kuparishi."

A Purisima anatenga nyuzipepala yakale, anakulunga okha katunduyo bwinobwino, n'kumuika m'kwapa. Atafika pakhomo anasuzumira kumsewu, kenako anatembenuka n'kutsitsa mawu.

"Iwe Delio, ine ndinabadwira m'tauni muno. Olapa amadzikwapula ndi nsungwi, ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Izi n'za ine ndi amuna anga, amalume akowo; zimene tinagula ku Manila zinaduka pa Khirisimasi. Ukangoyerekeza kuwauza amayi ako, usamuka m'galaja muno tsiku lomwelo."