Landirova Yopendekera Kumanzere

Feston anaika beseni la madzi pa boneti, nabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi. Madzi anathawiranso kumanzere.

"Yapendekekabe," anatero.

Landirova imeneyi anaisinthanitsa ndi ng'ombe ziwiri kwa a Mustafa, asitolo a ku Katete. Inali itagona kuseri kwa sitolo kuyambira chaka cha ufulu, nkhuku zikuikiramo mazira. Ng'ombe zomwezo zinayamba zaikoka mpaka pabwalo la apongozi ake, aNambewe, kenaka n'kupita kwa mwini wake watsopano, a Mustafa. Pamene anaimasulira goli, pansi pa mtengo wa mango, m'pamene galimotoyo inakhala chilimwe chonse cha 1986.

Feston anali atakalamba pa chikamwini. Nthawi zonse akapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake Christina apite naye kwawo ku Vubwi, yankho linkakhala lakuti adikire kukolola. Akakolola, adikire mvula. Koma ataona chigoba cha galimoto chija, aNambewe anaseka mpaka kutsokomola, natuma mawu kudzera mwa Christina, poti mpongozi ndi mkamwini salankhulana maso ndi maso.

"Akuti mukawakweza m'chimenechi n'kukawafikitsa ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, tizipita ku Vubwi."

Feston anaiwala munda. Anaitana amuna a m'mudzi, nanyamula bodi yonse n'kuikhazika pa migolo. Chasisi, mafupa a galimotoyo, chinali chitadyeka ndi dzimbiri. Ezara wowotcherera anabwera pa ngolo kuchokera ku Sinda ndi mabotolo ake a gasi, nachigamba zigamba ngati kabudula wa mbusa. Maekiselo onse awiri, zitsulo zogwira mawilo zija, Feston anawamasula, nawatsuka ndi palafini, nawadzaza girizi. Masipuling'i anawapatula chitsulo chimodzichimodzi n'kuwakwecha ndi mchenga. Bodi itabwerera pamalo pake, anatenga beseni.

Madzi kumanzere.

Ezara anakoka chingwe kuchokera ngodya ina ya chasisi kufika ngodya ina, nakokanso mopingasa.

"Achimwene, chinthuchi n'chowongoka ngati njanji."

"Chingwe chimatamuka," anayankha Feston. "Madzi sanama."

Ezara anakweza mabotolo ake n'kumapita.

Nkhani inali yoonekeratu. Mzungu amene ankayendetsa galimotoyo kale ayenera kuti ankakweza mkazi wonenepa kumpando wakumanzere, mpaka masipuling'i a mbali imeneyo anafooka. Feston anapita pamene lole ya thonje inagwera mumlatho, nabwerako ndi zitsulo za sipuling'i pa njinga. Anawonjezera chimodzi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Madzi anasuntha pang'ono. Anawonjezera china.

Ntchitoyo inali yogona chagada m'matope, chifukwa madzi otsukira mbale amene Christina ankataya kuseri kwa khitchini ankadutsa pansi pa galimoto n'kudzamupeza kumanzere komweko.

"Kodi madzi akowa ndinawalakwira chiyani?" ankakuwa.

ANambewe ankaonerera ali pakhonde, pambali pa mtondo wawo umene ankauchirikiza ndi mwala mbali imodzi. Nthawi zina ankatsegula pakamwa ngati anene kanthu, kenaka n'kutseka, n'kuyang'ana kumbali monga mwa ulemu.

Chitsulo chachitatu chitalowa, pamodzi ndi kathabwa ka mlombwa kothandizira, madzi anakhazikika pakatikati pa beseni, phee! Feston anavina mozungulira galimoto, sipanala ili m'manja. Kuiyesa pamsewu sanaiyese. Petulo ankasowa zaka zimenezo, ndipo kachigubu kamene anapeza kanali ka tsiku la Kulamba basi. M'malo mwake anakuta mpando wakutsogolo ndi pulasitiki, naupaka polishi mpaka kumadzionerapo nkhope.

Tsikulo litafika, aNambewe anatuluka atavala chitenje chatsopano. Kukhala kumbuyo ngati thumba la chimanga anakana. Anakhala kutsogolo, koma kumapeto kwenikweni kwa mpando, phewa litagunda chitseko, nkhope ili kuwindo. Pakati pa iwo ndi mkamwini anaikapo dzungu lalikulu kuti likhale malire. Christina anakwera kumbuyo ndi tambala wa mphatso.

Injini inalira. Kanjira kotuluka m'mudzi kanali ka mabampu okhaokha, moti aliyense ankangogwira pamene wagwira. Kenaka anakwera pa tala wa msewu waukulu, wosalala ngati tebulo.

Loyamba kunyamuka linali dzungu. Linagubuduka, n'kumugunda Feston m'chiuno, n'kugwera kumapazi. Pambuyo pake panabwera aNambewe. Anatsetsereka pang'onopang'ono pa polishi uja, nkhope ikadali kuwindo, manja akufunafuna chogwira, mpaka anafika pamwendo pa mkamwini wawo n'kukhazikika.

Tambala analira. Feston anaponda dzungu poyesa buleki, kenaka anapeza buleki yeniyeni. Anatulukira pachitseko cha mbali yake chafufumimba, nakagwada m'mbali mwa msewu, maso pansi. Atadzutsa mutu anaona landirova yake itapendekera kumanja ngati munthu wochokera ku mowa wamasese. Sipuling'i yathyoka, anaganiza. Mkaika sitifika, Vubwi ndiye ayi.

ANambewe anatsika, nakonza duku, nafulatira mkamwini.

"Christina, uwauze amuna ako kuti mawa mulongedze. Munthu amene ndamukhalira pamwendo sindingakhale naye mudzi umodzi."

Anayamba kuyenda wapansi kulowera ku Mkaika, kenaka anaima osacheuka.

"Uwauzenso kuti akachotse zitsulo zawo zija. Galimotoyi inalibe vuto. Chopendekeka ndi bwalo langa."