Mwana Wosungitsidwa pa Chitunda

Dzenje ili nalonso linali lopanda kanthu. Thamir anaponya fosholo pansi n'kupukuta thukuta ndi nsalu yake ya kumutu.

"Si pano, achemwali."

"Kumba pena," anatero Najiya. Anali atakhala pa njerwa zogumuka za kachisi wakale, nsalu yoyera ya maliro ili pamiyendo. "Unamuika ndiwe. Ine kunalibe."

Kwathu kuno munthu akamwalira amakagona ku Najaf, m'manda opatulika. Njira ikatsekeka timamukwirira kaye pomwe tili, n'kuiuza nthaka kuti takusungitsa chabe, tidzamutenga. Chaka chomwe anthu anaukira boma, misewu yonse inali ya asilikali. Thamir anafika kwa mlongo wake malaya ali ong'ambika, n'kumuuza kuti Mizhir, mwana wa Najiyayo, waomberedwa, ndipo wamusungitsa pa chitunda cha mabwinja a mzinda wa Asumeri, anthu amakedzana, kutali m'chipululu komwe ngakhale galu safika.

Kuyambira pamenepo Najiya sanasiye kupempha kuti akamutenge. Koma Thamir anali ndi zifukwa zodzaza thumba: lero asilikali, mawa nkhondo ina, mkuja msana. Tsitsi linachita kuyera nkhani ili yomweyo. Mwezi watha adokotala a ku Nasiriya anauza mayiyo kuti chotupa cha m'mimba chafalikira, palibenso chochita. Atatuluka m'chipatala sanalowere kunyumba. Anapita kumsika kukagula nsalu zoyera ziwiri, yake ndi ya mwana wake.

Tsono chitundacho sichinalinso chija cha kale. Akuba ofuna zinthu zamakedzana anachikumba mpaka chinangokhala ngati nkhope ya wodwala nthomba. Paliponse maenje, mapale ndi mchere woyera. Munthu angapeze bwanji manda amodzi pamalo otere? Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wa imvi akuzungulirazungulira ndi fosholo, apa akumbe pang'ono, apo asiye.

Mlonda wa mabwinjawo, Lafta, anabwera akukwekwereza mapazi, mfuti yake yakutha ili paphewa.

"Amake Mizhir, ine ndakulolani chifukwa choopa Mulungu basi. Apolisi akatulukira pano safunsa ngati mukufuna mwana kapena golide. Tonse tikagona kundende."

"Kundende?" Najiya anaseka kuseka kouma. "Ine ulendo wanga ndi wa kumanda, iwe ukundiopseza ndi ndende? Pita ukamwe tiyi wako."

"Ndiye ngati simuopa apolisi, tayang'anani uko."

Chakumadzulo kumwamba kunali kutafiira. Chimphepo cha fumbi chinali kubwera, ndipo chikafika chimenecho munthu saona ndi dzanja lake lomwe.

"Tiyeni tizipita, achemwali," anatero Thamir mosamuyang'ana. "Tidzabweranso."

"Liti? Ukadzandikwirira?"

Najiya anadzuka movutika, dzanja lili pamimba. Anayenda pang'ono n'kugwada, n'kuyamba kufukula dothi ndi zala. Zikhadabo zinathyoka, magazi n'kutuluka, iye osasiya.

"Mizhir! Ndine mayi ako, ndabwera mochedwa koma ndabwera! Ndiyankhe, uli pati?" Kenako anatembenukira mlongo wake, misozi itasakanikirana ndi fumbi. "Iwe Thamir, unayamwa bere limodzi ndi ine. Ukufuna ndikagone ku Najaf ndekha, mwana wanga ali kuno ndi ankhandwe? Ukufuna tsiku la chiweruzo adzadzuke pakati pa anthu opembedza mafano, wopanda womudziwa? Sindichoka pano. Fumbilo lindikwirire, mwina tipezana pansipo."

Ankanenadi zoona, ndipo amuna onse awiri anadziwa.

Thamir anamuyang'ana. Kenako anatola fosholo.

"Ndakumbukira. Sikunali kumtunda kuno. Kunali kumunsi, kuseri kwa khoma."

Anatsetsereka mothamanga, akusuzumira m'maenje a akuba limodzi ndi limodzi. Pa lina anaima, n'kudumphiramo, n'kuyamba kukumba m'mbali mwake ngati wamisala. Mphepo inali itayamba kale kubaya m'maso. Najiya anakwawira m'mphepete mwa dzenjelo.

"Musatsike, dothi likugumuka!" anakuwa Thamir. Fosholo inagunda chinthu. Anaisiya n'kuyamba kupalasa ndi manja. "Achemwali, yalani nsalu."

Anapereka mafupawo limodzilimodzi, oderako, opepuka ngati nkhuni zouma. Pomaliza anapereka chigaza. Najiya anachilandira ndi manja awiri, n'kuchipsompsona pachipumi, n'kuchipukuta fumbi ndi mpango wake.

"Wachepa bwanji mwana wanga," ananong'ona. "Wazizidwa nthawi yaitali. Tiye, tikagone limodzi."

Lafta anatula mfuti pansi, n'kutukula manja, n'kuyamba pemphero la akufa. Mayiyo anamanga nsaluyo mosamala n'kuifungatira pachifuwa. Popita ku galimoto ankayenda chowongoka, ndipo anakana kuti mlondayo amugwire dzanja.

Thamir anatsala yekha m'dzenjemo. Ndi phazi anakwirira kachikho kadothi komwe wakufayo anagwirizira pakamwa, monga ankaikidwira eni mzindawu zaka zikwi zambiri Mneneri asanabadwe. Mizhir sanamukwirirepo paliponse: asilikali anamuponya m'lole ali moyo, akuitana amalume ake, ndipo mpaka lero palibe akudziwa komwe anapita naye.