Nthenga ya Vuwo Idaboola Simenti

Padangokhala! Vomerani mokweza, chifukwa izi ndidaziona ndi maso angawa kunyanja ya mchere, imene ndidaiwoloka chosambira, ndudu ili pakamwa osazima.

Kumeneko kudali Vuwo, mbalame ya thumba pakhosi, ndi mlamu wake Mphipi, mbalame inzake, katswiri womira. Chaka chilichonse anthu ovala zoyera ankabwera pabwato kudzazula nthenga imodzi pa mbalame iliyonse, koma kwa Vuwo ankabwerako kawirikawiri.

"Mwaona, alamu?" adatero Vuwo. "Zangazi amakaveka mafumu. Zanuzo amangotokosera m'makutu."

"Mwina," adayankha Mphipi. "Koma chondizunguza ine n'chakuti mazira a mlongo wanga kwanuko saswa. Bwanji?"

Adapangana zotsatira bwatolo, akaone nthenga yolemekezeka. Atasuzumira pazenera la nyumba imene eni bwatowo adalowa, adapeza anthu aja akupera nthenga ngati nsinjiro n'kumazipima pamakina.

"Ya Mphipiyi ilibe kanthu, mwini wake amadyera kutali," adatero mmodzi. "Koma ya Vuwoyi yadzaza mtovu! Amatola nsomba zofooka pamene mpopi wa fakitale umalavulira zonyansa. Chiphe chimene wameza chimakwera mpaka kunthenga. Mazira ake angaswe bwanji?"

Ndikulumbira, nthengayo idagwa kuchokera patebulo n'kuboola simenti yapansi. Thirakitala idalephera, ndidachita kuizula ndine.

Vuwo adangoti kukamwa yasa, thumba lili lende. Kenaka adanong'ona: "Alamu, kumene mumamirako n'kutali?"

"N'kutali ndithu," adatero Mphipi. "Ndipo mukonzeke, nsomba zakumeneko zimathawa."

Ine ndalekeza pomwepa, kaphuleni mbatata zanu zisanapserere.