Pito Wogona pa Dima la Cletus

Panali munthu wina dzina lake Cletus Bekuone, wa mudzi wina kufupi ndi Nandom. Nkhani yake ndi yoona, ndipo ndikuilemba mwadongosolo chifukwa anthu akuifotokoza moseka, chikhalirecho siyoseketsa ngakhale pang'ono.

Cletus anagwira ntchito m'sitolo mumzinda wa Kumasi zaka makumi awiri. Bambo ake atamwalira, anabwerera kumudzi kudzasamala munda wa mapira umene unkadyetsa anthu asanu ndi anayi. M'mwezi wa Julaye udzu unakula, ndipo anaitana dima: amuna makumi awiri ndi makasu awo, tsiku Lachiwiri. Tsikulo analipeza movutikira, pakuti nyengo yopalira tsiku lililonse limakhala ndi mwini wake. Ndipo anthu a dima safuna ndalama. Amafuna pito wabwino, mowa wathu wa mapira.

Anapita kwa mlamu wake Perpetua, amene amafulula pito wodziwika mudzi wonse. Atamva mtengo anagwira pakamwa.

"Mwati bwanji, alamu? Mukugulitsa mowa kapena ng'ombe?"

"Chimera n'changa, nkhuni n'zanga, msana wotakasa masiku atatu n'wanganso," anatero Perpetua. "Ndichotsepo chiti?"

"Ndikafufuza kwina. Ife ozolowera tauni sitigula pakhomo loyamba."

"Kafufuzeni, bwana a ku Kumasi. Koma pofika Loweruka ndikhale nditamva, apo ayi moto sindisonkha."

Limenelo linali chenjezo loyamba. Loweruka linadutsa osayankha.

Lamlungu linali tsiku la msika. Cletus anazungulira misasa ya mowa akulawa uku ndi uku, ndipo anaona kuti dzuwa likapendeka amayi amatsitsa mtengo ndi theka. Pomwepo anadziona ngati watulukira chinthu chimene mudzi wonse unalephera kuona chiyambire. Apa ndi pamene pamandikwiyitsa. Munthu wopita kusukulu akaona chinthu chikutsika mtengo, ayenera kufunsa chifukwa chake. Iye sanafunse. Pito ndi mowa wamoyo. Amapitiriza kuwira ali mumtsuko, ndipo wa lero mawa amakhala atasasa.

Anagula zotsala kwa amayi asanu ndi mmodzi, nathira pamodzi m'zigubu zinayi. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire dzina lake Ayuo, anadabwa.

"Yenseyu mumwa lero, bambo? Kwagwa maliro?"

"Ndi wa dima la Lachiwiri."

"Lachiwiri! Mwana wanga, pito sagona. Nanga iweyo ukufuna agone kawiri?"

"Amasasa chifukwa mumamusiya m'mitsuko yosavundikira, amayi. Ine ndimanga zivindikiro zolimba, mpweya usalowe."

"Chabwino, aphunzitsi. Koma potsegula nkhope ikhale kutali."

Chenjezo lachiwiri limenelo. Chenjezo lachitatu linachokera kwa mkazi wake Scholastica, tsiku Lolemba.

"Amuna anga, tabwerani mudzaone. Zigubu zanu zatupa ngati achule."

"Ndiye kuti mphamvu ikusungika. Zisiyeni."

Lachiwiri amuna aja anafika mbandakucha, nayamba kupalira akuimba. Dzuwa litakwera anali atatha gawo limodzi mwa magawo anayi a munda. Mtsogoleri wawo, Gervase Dabuo, anaimika khasu.

"Eni munda! Kukhosi kwauma kuno!"

Cletus anapotokola chivindikiro choyamba. Chinauluka n'kukagwera m'mizere, thovu linatumphuka kumusambitsa kuyambira kumutu, ndipo theka la mowa linamwedwa ndi dothi. Anthu anagwa nako kuseka.

"Eee, mowa wa ku Kumasi umadzigawa wokha!"

Kufikira apa zinthu zikanakonzeka, pakuti anthu oseka sanakwiye. Koma mwini mowa ndiye amamwa chikho choyamba pamaso pa onse, ndipo Cletus anamwa. Misozi inalengeza m'maso, nsagwada zinauma gwa. Anamaliza chikho chonse, napukuta pakamwa.

"Ali bwino ndithu. Wangokhwima."

Gervase analandira chikho chachiwiri, nalawa, nalavula.

"Achimwene, tinakulakwirani chiyani? Uyu ngochotsera dzimbiri pamakasu."

"Imwani pang'onopang'ono, muzolowera."

"Tizolowera? Ife tasiya minda yathu kusanache. Mukanati mowa wawonongeka, tikanakusekani, tikanamwa madzi, ntchito tikanamaliza. Koma mwamwa nokha, mwamva nokha, kenako mukutiyang'ana m'maso n'kumati ali bwino? Anzanga, makasu paphewa."

Anachoka onse makumi awiri, osatsazika.

Cletus anathamangira kwa Perpetua malaya akununkha mowa wosasa.

"Alamu, ndipulumutseni. Mtengo uja ndavomera."

"Mtengo mwavomera, nanga anthu muwatenga kuti? Masiku awo onse ali ndi eni ake mpaka Ogasiti atatha. Chimera changanso chalowa kale m'madima a anzanu amene anayankha Loweruka."

Cletus anayesa kupalira awiri ndi mkazi wake. Manja a m'sitolo anatuluka matuza tsiku lachiwiri, ndipo udzu unkakula msanga kuposa liwiro la makasu awiri. Munda umene bambo ake ankakololamo madengu makumi atatu unatulutsa madengu asanu ndi anayi. Pofika Febuluwale nkhokwe inali mbee, ndipo ana atatu anawatumiza kukadya kwa achibale.

Mwezi wathawu wina anamufunsa ngati watolapo nzeru. Cletus anayankha ndi nkhope yosaseka:

"Maganizo anali abwino. Zivindikiro zija ndi zimene zinali zachabechabe."

Phunziro: Chinthu chikatsika mtengo dzuwa likulowa, funsani amene anachipanga kuti watsitsiranji, ndipo akakuyankhani mverani. Mukalakwa, vomerani chikho chikadali m'manja, pakuti anthu amakhululuka mowa wosasa koma sakhululukira wowapusitsa akuona. Tumizani uthengawu kwa abale anu onse, makamaka amene angobwera kumene kuchokera m'tauni.